Denga la Alamu Anga

Alamu anga a Obed, amuna ake a mlongo wanga Sophie, anafika mumzinda wa Mutare chaka cha 2001 atasenza katundu wochititsa manyazi. Famu ya maluwa kumene anabadwira, cha ku Odzi, inali italandidwa, antchito onse n'kubalalika. Anzawo anachoka ndi njinga, mawilibala, ena mpaka zitseko. Iwo anabwera ndi mpukutu wa chipepala chonyezimira, chija ankayala kudenga kwa shedi yosungiramo maluwa. Ndinaseka mpaka misozi. Ine ndine Edson, mwana woyamba kwathu, kalipentala wodziwika m'dera lathu lonse la Chikanga, ndipo tsiku limenelo ndinamuuza Sophie kuti wakwatiwa ndi chitsiru.

A Obed si munthu woyankha. Amayenda chowerama, chipewa chomwechomwecho chaka ndi chaka, ndipo sukulu anailekezera panjira. Ankakonza mipanda ku Morningside, kutchetcha kapinga ku Darlington, mpaka anamanga kanyumba ka zipinda zitatu kuseri kwa msewu wathu. Chipepala chija anachiyala kunsi kwa malata, ndipo pamwamba pa siling'i anasanjapo matumba a utuchi wopempha kocheka matabwa. Yanga ndi nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri, mawindo a magalasi akuluakulu. Koma ikafika Okutobala inkasanduka uvuni, pomwe kwa a Obed ukalowa masana unkangomva ngati wakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndisaname, zinkandiwawa.

Bambo athu, amene anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, ankakhala kwa ine monga ziyenera kukhalira. Atadwala sitiroko imene inawapha dzanja limodzi, kutentha kunayamba kuwazunza. Ankagona chagada, thukuta lili kamukamu, kupuma kwake komvetsa chisoni. Lamlungu lina Sophie anawatenga kuti akaswere kwake. Sabata inatha, mwezi unatha, bambo osabwerera. Kutchalitchi anthu anayamba kundifunsa mwaulemu woluma: "A Edson, mdala tsopano akusungidwa ndi mkamwini?" Ndinalumbira kuti bambo anga abwerera m'nyumba mwanga.

Kukafunsa nzeru kwa a Obed? Ine, mwini satifiketi? Tsiku lina iwo atachoka ndinasuzumira kudenga kwawo, ndinaona kunyezimira, ndinati basi ndazidziwa. Ndinakagula chipepala chatsopano, chokhuthala kuposa chawo. Tsono kalipentala aliyense amadana ndi mpata. Chitseko chikasiya mpata, ndiye kuti mmisiri wake ndi wa chinyengo. Choncho m'chipinda cha bambo ndinagwetsa siling'i, chipepala ndinachipanikiza ku malata, n'kukhomera matabwa a paini pompo, ogwirana moti ngakhale nyerere sikanalowa. Za utuchi ndinazikana, kwanga sikudzala.

Ndinakawatenga bambo m'mawa pa njinga yawo ya olumala, ndikudutsa dala msewu wodzaza anthu. Pofika thu koloko malaya awo anali atanyowa. Nthawi yomweyo a Obed analowa ndi mankhwala amene tinaiwala. Anavula chipewa, anayang'ana kumwamba, anakwera pampando n'kugwira thabwa limodzi. Dzanja analichotsa msanga.

"Tsano," anatero, ponditchula kuti alamu mwa Chishona monga achitira obadwira kuno, "ntchitoyi ndi yokongola zedi. Kungoti mwachipanikiza. Chipepalachi chimabweza kutentha monga kalilole abwezera dzuwa, koma chimafuna mpata wa mpweya, zala zinayi basi. Chikagundana uku ndi uku, kutentha kumangodutsa ngati m'supuni yosiyidwa mu tiyi. Kotsalako ndi kumene utuchi uja umakuchedwetsa kuti kusatsike msanga. Loweruka nditha kubwera tidzakonze."

Akanandiseka zikanakhala bwino, ndikanapeza poyambira ndewu. Koma munthuyo ankalankhula ngati akupepesa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti nyumba yanga siphunzitsidwa ndi wotchetcha kapinga. Bambo ananditsogolera. Anatukula dzanja lawo lamoyo lija, lilime likulemera, ndipo sanayang'ane ine.

"Obed mwana wanga," anatero, "nditengere kunyumba."

Bambo ndinawakankha ndekha pa njinga yawo, kudzera njira yakuseri. A Obed ankayenda pambali atawaphimba ndi chipewa chawo.

Denga tinalikonza Loweruka lomwelo, ine pamwamba, alamu atagwira makwerero ndi kundiyezera mpata ndi zala zawo. Utuchi ndinakapempha ndekha. Chipindacho chimazizira bwino tsopano, mwina kuposa chawo. Ndinayala bedi, ndinapachika makatani atsopano, ndinakawauza bambo kuti zonse zatheka. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti azolowera kwa a Obed. Anamwalira mu Febuluwale, ndipo anthu onse a m'Chikanga anakalira maliro pakhomo pa a Obed.