A Telala pa Benchi la Chipatala

Pa 9 Juni, Lachiwiri, nthawi yoonera odwala itakwana, mlonda wa pachipatala anabweza a Telala pakhomo la wodi ya amuna. Anali atanyamula fulasiki ya tiyi ndi malaya ochapa. Mlondayo anayendetsa chala pa pepala lake kawiri.

"Ndinu achimwene awo, madala?"

"Ayi."

"Alamu awo?"

"Ayi. Timakhala limodzi."

"Ndiye khalani pa benchipo. Achemwali awo alemba achibale okhaokha."

Wodwalayo ndi a Dalaivala, amene sitiroko inawagwetsa Lamlungu. Akhala nyumba imodzi ndi a Telala zaka 38.

A Telala anazindikira ali ndi zaka khumi ndi zisanu kuti mtima wawo sukulowera kumene mitima ya anzawo inkalowera. Anyamata a m'kalasi ankafunsira atsikana pa kalata, ndipo popeza a Telala anali ndi dzanja labwino, makalata onsewo ankalemba ndi iwo. Mawu sankawasowa. Ankangoganiza za mnzawo wa pa desiki, amene ankagwira pagolo, n'kulemba dzina la mtsikana pamwamba. Atsikana anayi analola. Wapagoloyo anadzakwatira mmodzi mwa iwo.

Mutu wa za kubereka aphunzitsi a sayansi anaudumpha, amvekere mukawerenge nokha. A Telala anawerengadi. Anapezamo za achule ndi za maluwa, koma za iwo munalibe. Anaganiza kuti ndi matenda, nadikira kuti achire ngati chikuku.

Bambo awo ataona kuti mwana sachoka pa makina osokera a mayi ake, anamutumiza kokaswa miyala chaka chathunthu kuti akakhwime. Anabwerako ndi mapewa otambalala, mtima uli womwewo. Kenako anawapezera mkazi. Mkaziyo anakhala nawo miyezi khumi ndi umodzi, ndipo tsiku lina anapinda zovala zake bwinobwino.

"Achimwene, ndinu munthu wabwino, koma tisanamizane."

Diresi la ukwati wake wachiwiri anasoka ndi a Telala omwewo.

A Dalaivala anatulukira pa shopu yosokera ya a Telala ndi buluku long'ambika pabondo. Sabata yotsatira anabwera ndi lina. Pofika buluku lachitatu a Telala analitembenuza kawiri, nalikweza kowala.

"Apatu mwang'amba dala ndi lezala."

"Musoka kapena mufunsa mafunso?"

Anasoka. Apo a Telala anali ndi zaka makumi atatu, ndipo analeka kudikira kuchira.

Achemwali a a Dalaivala zonsezi amazidziwa. Ana awo asanu anatha sukulu atavala mayunifomu osokedwa m'nyumba imeneyo. Akadwala mwana, a Telala anali "amalume". Kukabwera alendo ochokera kutchalitchi, anali "munthu wosoka uja". A Dalaivala atapezeka ndi shuga, amene wakhala akuwabaya jakisoni m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi zinayi ndi munthu wosoka ujayo. Pa pepala la mlonda pali mayina asanu ndi awiri, kuphatikizapo msuweni wina amene analowa m'wodi n'kukapereka moni pa bedi la munthu wolakwika.

Lero ndi Lachisanu. A Telala abwera masiku anayi otsatizana. Sakalipa, sanaphunzire kukalipa. Amakhala pa benchi miyendo ataiphatikiza, fulasiki ili pamiyendo. Dzulo achemwali aja anaima pomwepo.

"Mwaswera bwanji, a Telala? Bweretsani tiyiyo, tiwapatsira."

"Ndimafuna ndiwaone, mayi."

"Iii, m'wodimu muli anthu. Mukufuna atiloze zala?"

"Athiridwe mkaka pang'ono, shuga ayi," anatero a Telala, n'kupereka fulasikiyo.

Namwino wina wachifundo wawanong'oneza kuti a Dalaivala sakutha kulankhula, dzanja limodzi lokha ndi limene likuyenda, ndipo chitseko chikatseguka amatembenuza mutu, kenako n'kuubweza. Adokotala auza achibale kuti asayembekezere zambiri.

Mlonda alibe mlandu, iye amawerenga zimene walemberedwa. Cholembera chili m'chikwama mwanu, achemwali. Mchimwene wanu amwalire akuyang'ana chitseko, kapena mulemba dzina la a Telala? Yankhani khomo lisanatsegulidwe mawa masana.