Basera pa Mtsinje wa Mekong

Ine wokulira mumsika wa Limbe, palibe wamalonda angandipusitse, ngakhale kumaloto.

Ndikuperekeza abusa, amishonale a ku Thailand, kukabatiza khanda lodwala kutsidya, ku Laos. Dzuwa likalowa, malire atsekedwa. Mayi wa bwato akukana ndalama, akufuna ndevu za abusa.

"Tsitsaniko mayi, ndevu zavuta chaka chino!" ndikutero ine.

Tikugwirizana pa nsidze zanga, akuzimeta ndi nsomba youma.

"Nanga basera?"

"Nayu, achimwene," akutero, akundipatsa nkhafi.

Ndikupalasa ndekha monyadira, mayi aja akuliza mkonono. Tikufika dzuwa lili pamutu, khanda likuyetsemula m'madzi, mudzi wonse ukundiimbira nthungululu m'Chichewa.

Ndadzuka ndikuseka, mapewa ali phwanyu. Inuyo mukuti wapambana ndani?