Matenda Anaonekera pa Makhadi

Chizindikiro choyamba sichinali mutu kuwawa. Linali khadi limene ndinaponya nthawi yake isanakwane, ndipo amene anaona zimenezi si ine.

Ndimakhala kwa Mwambo. Ndili ndi chigawo cha mpunga ku sikimu ya Likangala, komanso ndimagwira ntchito pa chigayo chopunthira mpunga. Chimene anthu akuno amandiseka nacho ndi masewera a makhadi a pa foni. Si juga ayi. Munthu umasonkhanitsa makhadi a zilombo, asilikali ndi mphepo, n'kusankhapo ogwirizana, mulu umene timautchula kuti deki. Ukatero umapikisana ndi anthu akutali amene sudzawaona nkhope. Ntchito yeniyeni ili pomanga dekiyo ndi kuiyesa. Ine ndimayesa ndi msuweni wanga Esinati, mwana wa amalume, amene amagulitsa zitenje ku Limbe. Pakamwa pake m'pakuthwa, ndipo chiyambire ubwana wathu sanandileke kundinena kuti ndine kamba.

Poyesa deki tili ndi lamulo. Usinthe khadi limodzi lokha, usewere kambirimbiri, ndipo usaweruze chifukwa cha kugonja kumodzi, pakuti mwina makhadi angobwera moipa tsiku limenelo. Lamuloli ndimalikonda chifukwa likugwirizana ndi mtima wanga wosafulumira.

Chaka chimenecho ndinkamanga deki imene ndinaitcha Chilwa. Imabwerera m'mbuyo ngati mmene nyanja yathu imaphwera, mdani n'kumayenda pouma akudziona ngati wapambana. Akafika pakati, ndimaponya khadi limodzi limene ife timalitcha Chigumula, zonse n'kumira. Chinsinsi chake ndi kudikira. Khadilo umalisunga m'manja mpaka mtima ukuwawa.

Unali mwezi wa Meyi, tikumweta mpunga. Dzuwa likakula, madzi a m'botolo akatha, tinkamwa a m'ngalande monga amachitira ambiri. Patapita masiku ndinayamba kumva thupi kulemera. Kenaka kunabwera mutu, ndi kutentha kumene kunkakwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Chakudya chinaleka kukoma. Ndinalitenga thupi langa ngati deki. Ndinati mwina ndi dzuwa, n'kuyamba kuvala chipewa. Ndinadikira ndione. Ndinati mwina ndi tiyi, n'kumusiya. Ndinadikiranso. Mkazi wanga, mayi a Tadala, atati tipite kuchipatala, ndinawayankha kuti sindinayese mokwanira, ndipo anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo.

Masana ena ndinakhala pa chulu cha kuseri kwa chigayo, pamene netiweki imagwira, tikuyesa ndi Esinati. Ndimakumbukira kuti kunali phee. Akakowa ankatera m'zigawo zomwetedwa, ndipo phiri la pa chilumba cha Chisi linkaoneka ngati likuyandama m'mwamba, losakhudza madzi. Makhadi a pa foni nawonso ankayandama. Chigumula chitangobwera m'manja, ndinachiponya pouma, mdani asanatuluke n'komwe. Masewera otsatira ndinateronso. Sindinadandaule. Ndinkangoona kukongola kwa madzi akusefukira pa galasi la foni.

Esinati sanandiseke, ndipo zimenezo sizinachitikepo. Anaimba foni.

“Iwe Limbani, foniyo wabwereka ndani?”

“Ndine ndemwe.”

“Bodza. Kamba wanga saponya Chigumula choncho. Apatse mlamu foniyo.”

Ndinamuuza kuti ndili kuchigayo. Anadula, n'kuimbira mayi a Tadala. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma mthunzi usanasunthe, mkazi wanga anafika pa chulupo ndi njinga yamoto ya kabaza. Anandiika pakati, iwo kumbuyo atandigwira m'chiuno. Msewu wonse ndinkamva ngati tikuyenda pa bwato.

Pa chipatala chathu chaching'ono tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Anandibaya pa chala, malungo sanapezeke. Adokotala atandigwira pamimba ndinakuwa, ndipo ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Zomba. Kumeneko anatenga magazi ndi zina, anandigoneka mu wodi ya abambo, n'kundiika diripi. Anati ndi tayifodi, matenda a madzi ndi chakudya chosasamalika. Adokotala anauza mkazi wanga ine ndikumva: “Mukanachedwako pang'ono, matumbo akanabooka. Tsopano tiyang'anire mimbayi. Ikauma gwa, tipita naye ku opareshoni.”

Apa m'pamene ndinaopa. Ndinaopa kufa, ndinaopa kusiya Tadala asanadziwe ngakhale kulemba dzina lake. Koma mantha sanakhalitse, chifukwa kutentha kunanditenga n'kupita nane kwina.

Za masiku otsatirawo ndimakumbukira zidutswa. M'mawa anamwino ankabwera ndi mankhwala, n'kuyeza kutentha. Kenaka ankadutsa madokotala, aliyense n'kukanikiza mimba yanga ndi zala zozizira. Belu likalira, alendo ankalowa ndi madengu. Mayi a Tadala ankatuluka kukaphika phala kumalo a magadiyani, ine n'kutsala ndi denga. Dengalo linkasanduka nyanja. Ndinkaona makhadi anga akuyenda pa madzi ngati mabwato ochokera ku Kachulu, asilikali a pa makhadi akuyanika matemba, zilombo zitagona mu zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pa bango. Nyanja inkaphwa ndikuiona, matope n'kung'ambika, ndipo ine ndinkayenda pouma kulowera ku Chisi. Kunali kosangalatsa. Sikunkawawa kalikonse. M'dzanja ndinali ndi Chigumula, ndipo ndinkadziwa kuti ndikachiponya ndipumula.

Nthawi iliyonse ndikafuna kutsegula dzanja, ndinkamva mawu a Esinati akuti nthawi sinakwane. Pambuyo pake ndinamva kuti sanali maloto okha. Anatseka malonda ake, n'kubwera ku Zomba kudzalandirana ndi mkazi wanga. Akuti dzanja langa lamanja linkakhala lofumbata, ndipo ndinkang'ung'udza za makhadi. Namwino wina anafunsa ngati ndinali wajuga. Esinati ankangokhala pambali pa bedi, n'kumandiuza kuti ndisunge.

Mimba sinaume. M'mawa wina ndinadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, denga lili denga, ndipo ndinamva njala. Namwino atayang'ana kutentha anati, “Bambo, lero mwabwerako.” Anachotsa diripi, n'kuyamba kundipatsa mapiritsi. Ndinaphunziranso kuyenda, kuchokera pa bedi kufika pa khomo, kenaka mpaka pa kapinga. Atanditulutsa anandilangiza kumaliza mankhwala onse, kumwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Kunyumba ndinapeza abale a mkazi wanga atamaliza kumweta ndi kupuntha mpunga wathu. Thupi linabwerera mwakachetechete, koma mutu unatsalira. Ndinkaiwala mawu pakati pa chiganizo. Mpikisano wa makhadi umene ine ndi Esinati tinkakonzekera unadutsa ine ndili pa mkeka, ndipo sindinaulire. Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti mwina munthu amene anakwera kabaza uja sanabwere yense. Foni ndinkaiopa.

Mphepo ya mwera itayamba kuleka, ndinakwera pa chulu paja. Esinati anali atandidikira pa foni. Makhadi anabwera, ndipo Chigumula chinafika msanga. Sindinachiponye. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinamusiya atenge malo, asilikali ake adzaze pouma. Mtima unkawawa ndithu. Ndinadikirabe, mpaka ndinapitirira nako kudikira, ndipo anandigonjetsa khadilo lili m'manja.

Foni inalira. Ankaseka, koma mawu ake ankamveka ngati a munthu amene akupukuta misozi.

“Kamba iwe! Ndani wina angafe ndi Chigumula m'manja? Wabwera, msuweni wanga.”

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimapuntha mpunga wa anthu, ndipo ku sikimu ndimanyamula chigubu cha madzi owiritsa ngakhale anzanga amati ndadzikweza. Deki ya Chilwa tinaikonza, imapambana nthawi zina. Lamulo lathu ndimalisungabe pa makhadi. Koma inu amene mukumva kutentha kukukwera tsiku ndi tsiku, musasinthe chipewa, musasiye tiyi, musadikire kuti muone. Pitani kuchipatala mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha. Ine ndinali ndi munthu ku Limbe amene amadziwa mmene ndimagwirira khadi limodzi, ndipo n'chifukwa chake Tadala akulemba dzina lake ine ndikuona.