Zimene Ndinauza Azakhali

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anga anasintha. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 7, ndipo tinkakhala kwa Champiti, kumudzi kwa abambo, kumene amayi anatengedwa chitengwa. Zipani zinali zitangochuluka kumene, anthu akukangana za mavoti pamjigo ndi m'misika, koma nkhondo imene ine ndinkaiona inali ya m'nyumba mwathu.

Amayi, a Nangondo, anali munthu wofatsa moti anthu ankati ngakhale nkhuku saiingitsa mokweza mawu. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, ine chitsirizira, ndipo akuluakulu anga onse anali atachoka pakhomo. Kenaka zinthu zinatembenuka. Mwezi wa Juni, chisanu cha ku Ntcheu chikuluma zala, iwo ankakhala pakhonde m'mamawa atavula juzi, thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto. Ukawafunsa ngati akudwala ankakuyankha ngati wawatukwana. Supuni ikagwa, mlandu. Chitseko chikalira, mlandu. Tsiku lina anaponya mbale ya ndiwo pabwalo chifukwa abambo anangonena kuti mchere wachepa. Atatero anapita kudimba, ndipo nditawatsatira ndinawapeza atakhala pakati pa mizere ya kabichi akulira ngati pamaliro.

Atandiona anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Edina, zimene waonazi zithere konkuno," anatero. "Ine sindikudziwa chandilowa. Nthawi zina ndimangofuna nditanyamuka n'kumapita osabweranso."

Ndinalonjeza kuti sindiuza munthu, ndipo ndinasungadi pakamwa mpaka tsiku lotsekera sukulu. Tsikulo ndinakhala nambala 2 m'kalasi, ine amene sindinkafikako ngakhale pa nambala 10. Ndinathamanga njira yonse, pepala lili m'manja. Ndinawapeza amayi akupeta mphale, ndipo ndisanatsegule pakamwa anandifunsa kumene kunali ndowa. Ndinali nditaiiwala kumjigo m'mawa. Anaika lichero pansi n'kundimenya khofi, koyamba chibadwire changa. Pepala lija linagwera pamadzi otsukira mbale, ndipo sanaliyang'ane n'komwe.

Ndinalitola n'kuwoloka kanjira kupita kwa azakhali anga a Felesiya, alongo awo a abambo, amene ankagulitsa zitumbuwa pasukulu pathu. Iwo anayanika pepalalo pamwala, naliwerenga mokweza, n'kuimba nthungululu. Anandipatsa chitumbuwa chotentha, nandisisita tsaya lotupalo ndi dzanja lonunkhira nthochi.

"Alamu angawa atani masiku ano?" anandifunsa. "Undiuze, mwana wa achimwene anga. Ine ndine bambo wako wamkazi. Zimene ulankhule pano zitsala pano."

Ndinawauza. Ndinanena za mbale, za thukuta la m'chisanu, za kulira kudimba, ngakhalenso mawu aja oti amafuna kunyamuka osabweranso. Tchuthi chonsecho ndinkapita kumeneko masana alionse, ndipo masana alionse kunali chitumbuwa ndi funso latsopano. Ndinkabwerako mtima utapepuka, ndikuganiza kuti ndapeza munthu wondimvetsa.

Loweruka lina m'mawa ndinaona mphasa zikuyalidwa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Kunabwera ankhoswe a mbali zonse ndi amayi achikulire angapo a m'mudzimo. Amalume anga, achimwene awo a amayi, anafika panjinga kuchokera ku Manjawira, fumbi lili mbuu m'miyendo. Azakhali ndiwo anayamba kulankhula. Anati amayi mutu sukuyenda bwino, kapena alowa zamatsenga, chifukwa munthu wabwinobwino satuluka thukuta mu Juni. Anati akufuna kuthawira kwa mwamuna wina, ndipo tsiku lina adzathira mankhwala a makoswe m'ndiwo za abambo.

"Mawu amenewa ndi olemera," anatero amalume. "Umboni wake uli kuti?"

"Mwanayu ndiye anene," anayankha azakhali, akuloza ine.

Anandikhazika pakati. Azakhali anayamba kundifunsa.

"Kodi amayi ako sanaponye mbale pabwalo?"

"Anaponya."

"Sanakuuze kudimba kuti akufuna kunyamuka osabweranso?"

"Ananena, koma sikuti..."

"Mwadzimvera nokha," anandidula azakhali. "Mwana sanama."

Ndinkayembekeza kuti amayi akalipa monga mwa masiku amenewo, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Koma anangondiyang'ana, nafunsa motsitsa mawu kuti, "Edina, ndi iwe?" Abambo nthawi yonseyi ankangolemba pansi ndi kamtengo. Atafunsidwa maganizo awo anati, "Apite kaye kwawo akapume." Masana omwewo amayi anamanga zovala zawo m'chitenje n'kukwera pakaliyala ya njinga ya amalume. Sanatembenuke.

Pasanathe masabata awiri, mayi wina wamasiye amene ankagulitsa zitumbuwa limodzi ndi azakhali anayamba kubweretsa chakudya kwathu, ati kuthandiza abambo. Posakhalitsa anayamba kusesa pabwalo, kenaka n'kuyanika zovala zake pachingwe cha amayi. Apo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinapita kwa azakhali ndikulira.

"Munati zitsala pano," ndinatero.

Iwo anapitiriza kukanda ufa osandiyang'ana. "Ndinachita kukukoka? Unkabwera wekha ndi miyendo yako. Pita ukathandize mayi ako atsopanowo kutunga madzi."

Miyezi inayi inatha ndisanawaone amayi. Ndinkaopa. Tchuthi cha Khirisimasi chitafika ndinalimba mtima n'kukwera matola kupita ku Manjawira. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya amalume akusankha mbewu ya nyemba, ataonda koma nkhope ili phee. Ndinagwada patali.

"Dzuka, dothi lanyowa," anatero. Anandisendezera mpando n'kundipatsa nyemba kuti ndiwathandize kusankha. Tikusankha choncho, anandiuza kuti akazi awo a amalume anawaperekeza kuchipatala. Kumeneko namwino wina wachikulire anawamvetsera mpaka kumaliza, n'kuwauza kuti si misala ndipo si ufiti. Anali akusiya kusamba, monga amachitira mkazi aliyense akafika msinkhu umenewo, ndipo kutentha thupi, kusowa tulo ndi kupsa mtima zimabwera nazo kwa ena. Anawalangiza kuti mtima ukayamba kuwira azichoka kaye pamalopo, azimwa madzi, ndipo aziwauza a pakhomo zimene akumva m'thupi.

"Ndinakulakwira pokumenya," anatero amayi. "Ndinalakwanso kusenzetsa mwana katundu wa munthu wamkulu. Iwe sindikusungira kanthu. Koma abambo ako, amene ndakhala nawo zaka makumi atatu, sanandifunse ngakhale kamodzi kuti, 'Nangondo, chikukuvuta n'chiyani?' Chimenecho ndiye chimandidya."

Kwa Champiti sanabwerereko. Abambo anakwatira mayi uja, ndipo ine nditalemba mayeso a Sitandade 8 ndinasamukira kwa amayi. Patapita zaka zingapo ukali uja unatha wokha, anabwerera kukhala a Nangondo ofatsa aja, koma banja linali litapita kale. Azakhali anamwalira osapepesa. Kumaliro kwawo ndinapita, ndinatunga madzi ndi kuphika nawo, koma msozi sunatuluke.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo chaka chathachi nanenso zinandiyamba. Tsiku lina ndinamukalipira mwana wanga wamkazi chifukwa cha kapu yosatsuka mpaka analira. Nditaziziritsa mtima ndinaitana amuna anga ndi ana onse, n'kuwauza mosabisa chimene chikuchitika m'thupi mwanga, ngakhale kuti mwambo umati izi sakambirana ndi ana. Tsopano mkwiyo ukamabwera ndimatuluka n'kukayenda mpaka kumsewu, ndipo ndikalakwira munthu ndimapepesa dzuwa lisanalowe. Sikuti zimatheka masiku onse.

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu kuti ndine ndinapasula banja la makolo anga. Koma chiyambireni kumva kutentha kumeneku m'thupi langa, pali chinthu chimene ndachizindikira, ndipo chimandiwawa kuposa kale. Azakhali anali aakulu kwa amayi ndi zaka zingapo. Amayi achikulire amene anakhala pamphasa tsiku lija onse anali atadutsa kale msinkhu umenewo. Pamene ine ndinkafotokoza za thukuta la mu Juni, chitumbuwa chili m'manja, azakhali ankadziwa bwinobwino chimene chinkawavuta amayi anga. Onse aja ankadziwa, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa.