Diso la Swani

Chaka chimene ndinkadikira yankho la mapepala anga okhalira m'dziko lachilendo lino, sindinkatha kukhala pansi. Ndikaweruka ku nyumba yosamalira okalamba ku Clondalkin, miyendo inkakana kulunjika kunyumba. Ndinkangoyenda m'mbali mwa ngalande yaikulu ya madzi, foni m'manja, kusuzumira maimelo mphindi iliyonse. Kumeneko n'komwe ndinayamba kujambula maswani, mbalame zoyera mbee zamakosi aatali, zazikulu kuposa tsekwe. Kamera anandipatsa ndi mayi wina wa ku Zambia amene tinkapemphera limodzi, ati inkangochita fumbi m'kabati.

Kuntchito kunali bambo wina wokalamba, mbadwa ya konkuno, amene ankakhala pa wilitcheya pafupi ndi windo. Ali ndi mphamvu ankajambula mbalame. Tsiku lina pa buleki ndinawaonetsa zithunzi zanga, ndikuyembekezera kuti andiyamikira.

Anavala magalasi, nayang'ana kanthawi.

"Iyi mwaidula mchira," anatero. "Iyi nthenga zangosanduka pepala loyera, munajambula dzuwa lili paliwombo. Nanga diso lili kuti? Mbalame yopanda diso ndi pilo woyandama."

Ndinaseka, koma mumtima zinandiwawa.

"Mumajambula chiimirire, ndiponso muli pa changu. Mukuthamangira kuti?"



Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse ankandifunsa ngati ndabweretsa zina, ndipo Lolemba lililonse ankapeza cholakwika: madzi apendekeka, kumbuyo kukuoneka botolo lotayidwa, khosi lathyokera m'mphepete. Ndinkalumbira kuti sindiwaonetsanso, koma Loweruka likakwana ndinkapezeka ndili kungalande.

M'mawa wina wozizira ndinapeza maswani awiri ndi tiana tawo totuwa pafupi ndi mlatho. Ndinagona chafufumimba pa udzu wonyowa monga anandiuzira bambo aja. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo dzanja linapita lokha kukaitulutsa. Unali uthenga wa kuntchito wosintha mashifiti basi. Pomwe ndinkadzutsa mutu, swani yaimuna inali itatuluka kale m'madzi, mapiko atatukumuka, ikupemerera ngati njoka. Inali pafupi kwambiri moti ndinaona madontho a madzi pamlomo pake. Ndinadina batani la kamera kawiri, kenaka ndinabwerera chokwawa cham'mbuyo mpaka ndinagunda benchi. Mayi wina woyendetsa galu anafunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi, jekete lili matope okhaokha.

Chithunzi chimodzi chinali chosaoneka bwino. Chinacho chinali mutu wokha, diso lakuda lili tong'o.

Lolemba bambo aja anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Diso lilipo," anatero pomaliza. "Koma munaiopseza. Taonani khosi mmene yalikungira. Ili ndi ana, inu n'kuiyandikira chonchi? Chithunzi n'chabwino, koma musadzachitenso. Muzikhala patali, ibwere yokha."

"Nanga ikapanda kubwera, bambo?"

"Mubwerere kunyumba opanda chithunzi. Ine zinkandichitikira kawirikawiri."

Anandipempha kuti ndiwasindikizire, ndipo anachimata pakhoma pafupi ndi bedi lawo. Aliyense wolowa m'chipindamo ankamuuza kuti wojambulayo alibe mwambo.

Patapita miyezi ingapo akuluakulu a kuntchito anandisamutsira ku nthambi ya ku Swords, ulendo wa mabasi awiri. Lolemba loyamba kumeneko ndinanyamula kamera m'chikwama, ndinakumbukira ndili kale m'basi kuti kulibe woti ndikamuonetse.