Buku Limene Linakulunga Zitumbuwa

Inu amene mukuti zanu zakanika, tamvani za Esteri wa ku Chitakale.

Ntchito yake yothyola tiyi inatha pamodzi ndi mvula. Anatenga mutu woyamba wa buku lachikondi limene ankalemba pamanja, napita nawo ku kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre. Kumeneko anangomufunsa kuti, "Zachikondi za m'Chichewa agule ndani?"

Potsika minibasi pa Chitakale, anapeza azakhali ake, a Sabina, akukulunga zitumbuwa ndi pepala la zolemba zake.

"Azakhali! Mapepalawo mwawatenga kuti?"

"M'katoni muja. Si otha ntchito? Olembedwa kale mbali zonse. Oyera aja sindinawakhudze, mwanangu, ndikudziwa kuti ndi odula."

Esteri analibe kope lina. Zina zonse zimene analemba akaweruka ku tiyi, zala zikuwawa, zinali zitamwazikira ku Limbe ndi ku Muloza m'manja mwa apaulendo. Kuwakalipira azakhali? Iwo sukulu sanapiteko, ndipo zitumbuwa zomwezo ndi zimene zinkawadyetsa onse awiri.

"Zolemba ndaleka," anatero, nayamba kuwathandiza kukazinga.

Tsiku lina kunabwera Wyson, kondakitala wa minibasi.

"Mayi, zitumbuwa ziwiri, koma mukulunge ndi pepala la Edna."

"Edna wake uti?" anafunsa a Sabina.

"Wa m'nkhani uja! Kapitawo wamuuza kuti akamukana ntchito yatha, tsamba n'kuthera pomwepo. Ine ndi adalaivala takangana kuyambira pa Luchenza mpaka mu Limbe."

Esteri m'malo mosangalala anapsa mtima. "Ndiye mwawerenga n'kupukutira m'manja, eti?"

"Ayi asisi, lili m'galimoto."

"Kalitengeni. Muwauzenso anzanuwo, aliyense amene ali nalo abweze."

Masamba anayamba kubwerera, koma kubwerera kwake! Ena ali noninoni ndi mafuta, ena ong'ambika pakati, lina atalembapo nambala ya foni. Ambiri sanaonekenso. Esteri anakhala pansi n'kulembanso mosowamo, uku akudandaula. Chomutopetsa kwambiri chinali malangizo.

"Kapitawoyo agundidwe ndi thirakitala," anatero Wyson.

"Achimwene, ine ndimakuuzani kaitanidwe ka anthu okwera?"

Mutu ukatha, ankapita nawo kokopetsa mapepala n'kuika makopewo pambali pa dengu la zitumbuwa. Poyamba munthu mmodzi ankagula, minibasi yonse n'kumabwerekana. Esteri ankachita kuluma mano. Koma obwerekawo analibe chipiriro chodikira anzawo amalize, ndiye nawonso anayamba kugula awoawo. Amayi a ku tiyi ankatuma ana kudzafunsa ngati Edna wathawa.

Lero Esteri ali ndi benchi yakeyake pa sitejipo, ndipo mabuku ake, amene tsopano ali ndi zikuto, amafika mpaka ku Milonde. A Sabina akugulitsabe zitumbuwa, koma asanang'ambe pepala lililonse, ngakhale nyuzipepala, amalikweza m'mwamba n'kufuula kuti, "Esteri! Muli Edna umu?"

Inunso mwina ntchito yanu anthu aipeputsa, aikulungira zakudya, aipukutira m'manja. Kwiyani ndithu, Esteri nayenso anakwiya. Koma mukatha kukwiyako, tolani masamba otsalawo, mulembenso osowawo. Osataya mtima: pena pake pali munthu amene wagwira tsamba lanu, akudikira lotsatira.