Kope la Zining'a la Rukiya

Aliyense wodutsa pa Ulongwe anawaonapo Abiti Jimu, mayi wamfupi wa beseni la zitumbuwa pamutu, amene amafika pazenera minibasi isanaime n'komwe. Sukulu anailekera Sitandade 3. Koma wina asayerekeze kuwatchula mbuli, chifukwa beseni limenelo ndi lomwe linafikitsa mwana wawo Rukiya Fomu 4.

Chaka choyamba kulemba mayeso a Fomu 4, Rukiya anakhoza maphunziro ena onse, Chingerezi chokha n'chimene chinamugwetsa, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi saiona. Anabwereza. Zomwe zinkamuzunguza mutu ndi zining'a zachizungu, ndiponso aneni aja oti ukangowonjezera kamawu kumapeto, tanthauzo lathawa. Buku la zimenezi pasukulu ponse linali limodzi, la mphunzitsi wake. Anzake akatuluka kukasewera, Rukiya ankatsala n'kumakopera: chining'a, tanthauzo lake m'Chichewa, kenako chiganizo chopeka yekha. Kope linadzaza mu Meyi, mwezi womwe mphunzitsiyo anamusamutsira ku Balaka, buku lake n'kupita nalo.

Tsono pakhomopo makope otha ankapita kwa mayi, kukakulungira zitumbuwa. Abiti Jimu sankavutitsa mwana ndi mafunso. Ankangotsegula kumapeto. Akapeza tsamba loyera, ndiye kuti kope likadali pantchito. Likadzaza mpaka pachikuto, latha basi. Zaka zonsezo njira imeneyi inali isanawanamizepo.

Kutatsala masabata awiri kuti mayeso ayambe, anabwera kuchokera kumsika n'kupeza Rukiya atatembenuza nyumba yonse.

"Amayi, kope langa lachikuto chobiriwira mwalionako?"

"Lodzaza lija? Ee, mapepala ake abwino bwanji, sang'ambika ndi mafuta."

Rukiya anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Amayi, lija ndinalidzaza kuti ndiziwerenga."

M'beseni munali mutatsala masamba anayi a kopelo. Abiti Jimu anawayang'ana, anayang'ana mwana.

Kutacha anapita pasiteji opanda beseni, n'kuyamba kutola mapepala m'ngalande ndi kuseri kwa mabenchi. Shafiq, kondakitala amene sankadutsa osagula, anatulutsa mutu pazenera.

"Masiteni, akulembani ntchito yosesa? Zitumbuwa zili kuti, ife tafa ndi njala!"

"Iwe Shafiq, pepala ndinakukulungira dzulo lija uli nalo?"

"Ndinapukutira m'manja. Kalifuneni ku Mangochi!"

Anthu anaseka, iwo osadzutsa mutu. Pofika masana anali atatola asanu ndi anayi, onona mafuta, inki itayenderera, ena atapondedwa ndi njinga. Anakawayala pamphasa, n'kuwatsindika ndi timiyala. Sankadziwa ngakhale kuti lina mwa iwo linali la masamu a mwana wa eni ake.

"Musadzivute, amayi, zambiri ndikuzikumbukira," anatero Rukiya. Anawatenga ndithu, n'kumawerenga pakhonde pomwe mayi ake angamuone.

Zotsatira zitatuluka, Chingerezi chinali chitamugwetsanso.

"Si kope lija, amayi. Zining'a zinabwera zochepa."

Kaya zinali zoona, kaya ankangowatonthoza, Abiti Jimu analibe pofunsa.

"Ubwerezenso, mwanangu. Manja anga akadali ndi mphamvu, ndikazinga zitumbuwa."

"Iyayi, kachitatu ayi. Ndikakhale benchi limodzi ndi ana amene ndinkawabereka kumsana?"

Anamunyengerera sabata yathunthu. Anaitana ngakhale amalume a Rukiya, amene analankhula mpaka mawu kusasa. Rukiya ankangoyankha mwaulemu, maso ali pansi, zovala akupinda. Azakhali ake a kunyanja ya Chiuta ankafuna munthu wowathandiza kuyanika matemba, ndipo iye anali atavomera kale.

Tsiku lonyamuka Abiti Jimu anamusenzera chikwama mpaka pasiteji. Njira yonse ankakonza mawu opepesa, koma atafika anangoti, "Kumeneko kuli udzudzu, uzifunda."

"Chabwino, amayi."

Minibasi inanyamuka. Iwo anaima pomwepo mpaka mnzawo wogulitsa tomato anabwera kudzawagwira dzanja.